Gemu yakale ikatulukanso, zowonjezera zake tizilipiranso?

Mphatso:
Abale, pali nkhani yomwe yakhala ikundivuta chitulukireni Switch 2, makina atsopano a Nintendo osewerera magemu. Zelda: Breath of the Wild inatuluka mu Malichi 2017. Chaka chomwecho Nintendo inagulitsa zowonjezera ziwiri, The Master Trials ndi The Champions' Ballad, zonse pamodzi madola 20. Nthawi imeneyo panalibe chodandaulira, ntchito inali yatsopano. Mu Juni 2025 gemu yomweyo yatulukanso pa Switch 2 pamtengo wa madola 70, koma zowonjezera zija mulibemo. Munthu amene akuyamba kumene, akafuna Zelda yathunthu atulutse 70 kenako 20, yonse 90, pa gemu ya zaka 8.

Maganizo anga ndi awa. Kampani ikabweranso kudzatigulitsa gemu yakale pamtengo wa gemu yatsopano, zonse zomwe zinapangidwa kale zizikhala m'katimo. Ntchito yatsopano ndilipira ndi mtima woyera. Chomwe ndikukana n'kusiya dala chinthu chakale panja kuti chigulidwe padera. Inu mukuziona bwanji?

Limbani:
Kumeneko n'kudyera anthu masuku pamutu basi. Gemu inagulidwa makope oposa 30 miliyoni, ndalama ya zowonjezera zolipirazo, zomwe amati DLC, akuifunabe?

Kondwani:
A Mphatso, tiyambe taiyala nkhaniyi yonse. Amene anagula kale Expansion Pass, ndiye kuti zowonjezera ziwiri zija pamodzi, pa Switch yoyamba sakulipiranso, ikugwira pa Switch 2 ndi akaunti yomweyo. Amene ali ndi gemuyo kale akungowonjezera madola 10 kuti aikweze. Ndiye palibe amene akugula chinthu chimodzi kawiri. Wolipira 20 ndi uja sanagulepo chiyambire. Nanga iyeyo apatsidwe ulere chifukwa chiyani pamene anzake mu 2017 analipira? Kukalamba kwa chinthu sikuchotsa mtengo wake.

Mphatso:
Achimwene Kondwani, zoti ogula kale sakulipiranso n'zabwino ndithu, koma taonani zomwe zinatuluka tsiku lomwelo, pa 5 Juni, pa makina omwewo. Cyberpunk 2077 Ultimate Edition, madola 70 omwewo, chowonjezera chake cha Phantom Liberty chili momwemo pa khadi limodzi. Phantom Liberty ndi ya 2023, yadzulodzuloli, ndipo payokha inkagulitsidwa madola 30. Ngati CD Projekt inatha kuika m'kati chinthu chosakwana zaka ziwiri, chikuletsa enawa kuika cha zaka 8 n'chiyani?

Komanso Nintendo yomweyo inachitapo bwino kale. Mario Kart 8 ya pa Wii U inali ndi ma DLC awiri olipira. Itabwera pa Switch mu 2017 ngati Mario Kart 8 Deluxe, misewu yonse 48 inali m'kati, kuphatikizapo 16 ya ma DLC aja. Kuyambira 2022 mpaka 2023 anawonjezera ina 48 n'kuigulitsa madola 25, anthu anagula osanyinyirika. Njira yomwe ndikunena ndi imeneyo.

Tiyamike:
Ya Zelda ndi yopepukirapo, chifukwa nkhani ya gemuyo imafika kumapeto bwinobwino popanda DLC. Ukaisiya wangotaya mayesero ena, mbiri ya ngwazi zinayi za m'nkhaniyo ndi njinga yamoto yomwe umapatsidwa pomaliza. Yolemera ndi ya Persona 3.

Persona 3 FES inatuluka pa PS2 mu 2007 ku Japan, 2008 ku America. Pa disiki imodzi panali zigawo ziwiri, The Journey ndi The Answer. Mu The Answer umasewera ngati Aigis, ndipo ndi mmene umaona zomwe zinawagwera anzake a mnyamata amene umasewera mu The Journey nkhani yaikulu itatha, momwe chisoni chinawagawanitsira mpaka kutembenukirana okhaokha. Sindiulula zambiri, mwina ena simunafike. Mu Febuluwale 2024 Atlus inatulutsa Persona 3 Reload pa madola 70, The Answer mulibe. Mu Sepitembala chaka chomwecho inabwera ndi dzina la Episode Aigis m'kati mwa Expansion Pass ya madola 35. Nkhani yomwe mu 2008 inali pa disiki imodzi, mu 2024 inafika pa madola 105. Imeneyi si chipewa kapena malaya a munthu wa m'gemu ayi, ndi mathero a nkhani.

Kondwani:
Achemwali Tiyamike, apa tisasakanize zinthu zosiyana. Ine ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu, osati a magemu, komabe ndikudziwa momwe ntchito zoterezi zimadyera nthawi. Kusamutsa gemu kupita pa makina atsopano n'kwina. Kuipukuta kuti ioneke bwino, komwe amati remaster, n'kwinanso. Ndiye pali remake, kuimanganso kuyambira pansi. Reload ndi remake. Palibe fayilo ya pa PS2 yomwe akanangoikoka n'kuiponya mu Unreal Engine, pulogalamu yomwe anamangira gemu yatsopanoyo. Munthu aliyense wa m'gemu anajambulidwanso, chipinda chilichonse chinamangidwanso, mawu a Chingerezi analankhulidwa ndi anthu atsopano m'situdiyo. Zitatha izo pali gulu lomwe ntchito yake ndi kusewera malo amodzi mobwerezabwereza, kugunda khoma lililonse, kutsegula chitseko chilichonse, kufunafuna pomwe gemu ingaime, ndipo amachita zimenezi pa PlayStation, pa Xbox ndi pa kompyuta padera padera. Episode Aigis inadutsa njira yonseyo payokha, ndipo anthu amenewo mwezi ukatha amalandira malipiro.

N'chimodzimodzi Resident Evil 4. Separate Ways, chigawo cha Ada Wong, sichinali pa GameCube pomwe gemuyo inayambira mu 2005, chinabwera m'kati mwa ya PS2 chaka chomwecho. Mu remake ya 2023 Capcom inachigulitsa madola 10, koma amene anasewera zonse ziwiri avomereza kuti chinapangidwa mwatsopano, chili ndi malo ndi adani omwe kale kunalibe. Mfundo ya a Mphatso, yoti zakale zikhale m'kati, pa zimenezi siigwira. Palibe chakale apa kupatula dzina.

Tiyamike:
Thukuta lawo sindikulikana, achimwene. Koma amene amasankha podula nkhani ndi ndani? Ndi kampani yomweyo. Akamayamba remake amadziwa bwino kuti gemu yoyambirira inathera pati, ndiye amasankha kuimira panjira, chotsalacho n'kuchiikira mtengo wakewake. Ya Resident Evil ndimaimvetsa chifukwa nkhani yaikulu, ya Leon, imatha yokha, ya Ada ndi yam'mbali, mtengo wake ndi 10, chigawo china cha The Mercenaries anachipereka ulere, ndipo pasanathe miyezi 12 anatulutsa Gold Edition yokhala ndi zonse. Koma 35, theka la mtengo wa gemu yonse, kuti uone kumene nkhani inathera? Atlus yomweyo mu 2022, potulutsa Persona 5 Royal pa Switch, Xbox, PS5 ndi kompyuta, inaika ma DLC onse oposa 40 m'kati. Akafuna amatha.

Limbani:
Eya, akafuna amatha.

A Yamikani:
Anzanga, ndaiwerenga yonse, ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono poti ena mwa inu nthawi imeneyo munali ana. Mu Epulo 2006 Bethesda inagulitsa zovala zachitsulo za kavalo mu Oblivion, madola awiri ndi theka pa Xbox 360. Osewera anakwiya kwambiri, zinkaoneka zachilendo kulipira kanthu kotero m'gemu yomwe wagula kale. Komabe anthu anagula, makampani anaona, ndipo tafika pomwe tili pano. Mu Epulo 2025 kwatuluka Oblivion Remastered. Zowonjezera zake zakale monga Knights of the Nine, Shivering Isles, ngakhale zovala za kavalo zija, zonse zili m'kati mwa gemu wamba ya madola 50. Pali ina ya Deluxe ya madola 60 yokhala ndi zida ndi zovala za kavalo zatsopano. Imeneyo ine sindilimbana nayo. Wofuna kavalo wonyezimira alipire, wosafuna sakutaya kalikonse pa nkhani ya gemu.

Yomwe sindingaiikire kumbuyo ndi ya Call of Duty. Mu 2008 Modern Warfare yoyamba inalandira Variety Map Pack, mamapu anayi, ndiye kuti malo omenyeranapo: Broadcast, Chinatown, Creek ndi Killhouse. Pa PlayStation ndi Xbox inali madola 10, pa kompyuta inaperekedwa ulere. Mu 2016 kunatuluka Modern Warfare Remastered, ndipo poyamba sunkatha kuigula payokha, unkayenera kugula Infinite Warfare ya mtengo wapamwamba kuti uipeze. Mamapu anayi aja munalibemo. Mu Malichi 2017 Activision inawabweretsa pa madola 15. Mamapu omwewo, patatha zaka 9, mtengo wokwera kuposa poyamba.

Ndipo mapu si chinthu chosewera wekha. Mukakhala gulu la anthu asanu, atatu agula awiri sanagule, ndiye kuti mwagawanika. Kapena awiriwo akakamizike kugula, kapena atatuwo asiye kusewera zomwe alipira. Gemu yomwe cholinga chake chinali kubwezeretsa anthu pamodzi pa zomwe ankakonda kale inawalekanitsa ndi thumba.

Kondwani:
Ya mamapu ija, a Yamikani, nanenso sindingaiteteze. Mapulani a mamapuwo analipo kale, anayesedwa kale ndi osewera zaka zambiri, ntchito inali yongowavekanso. Mtengo sunayenere kukwera. Ine ndikungokana lamulo limodzi lophimba zonse.

Chisomo:
Ine ndilankhulireko ogula oyamba, chifukwa palibe akutitchula. Timagula gemu tsiku loyamba pamtengo wonse, ikadali ndi zolakwika zake, ndife timazipeza n'kudandaula mpaka zikonzedwe. DLC ikabwera timagulanso. Pakatha chaka kumatuluka ya Game of the Year yokhala ndi zonse pamtengo wotsika. Tengani The Witcher 3. Mu Meyi 2015 inali madola 60, Expansion Pass ya Hearts of Stone ndi Blood and Wine madola 25, yonse 85. Mu Ogasiti 2016 zonsezo pamodzi zinali 50. Ndiye zomwe a Mphatso akufunazi, wopindula ndi wochedwa, woluza ndi amene anakhulupirira gemuyo isanatchuke. Chilungamo chili pati pamenepo?

Limbani:
Aise Chisomo, 35 yapamwambayo unagulira chaka chathunthu chosewera anzako akungomva mbiri. Sinapite pachabe.

Mphatso:
Chisomo, ndikukumva, koma munthu wobwera mochedwa akalipitsidwa zambiri iwe ndalama yako siibwerera. Ipita ku kampani. Ngati tikufuna chilungamo kwa ogula oyamba, tipemphe kuti akamatulutsanso gemu aziwakumbukira. CD Projekt mu Disembala 2022 inakweza The Witcher 3 kupita pa PS5 ndi Xbox Series kwaulere kwa aliyense amene anali nayo kale. Bethesda mu 2016 inapereka Skyrim Special Edition ulere kwa anthu a pa Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, amene anali ndi gemu yoyamba pamodzi ndi ma DLC ake, Dawnguard, Hearthfire ndi Dragonborn. Kumeneko ndiye kulemekeza wogula woyamba, ndipo watsopano naye anapeza zonse m'kati.

Chisomo:
Zikamatero n'zabwino. Koma mukukumbuka Control? Mu 2020 a 505 Games analengeza kuti okwezedwa ulere kupita pa PS5 ndi Xbox Series ndi okhawo ogula Ultimate Edition yatsopanoyo. Munthu amene anagula gemu mu 2019 n'kugulanso ma DLC onse awiri, amene analipira zambiri kuposa aliyense, ndiye amene anasiyidwa panja. Ndikamva zoti edition yathunthu ikubwera mtima wanga umapita pamenepo. Persona 5 Royal yomwe achemwali Tiyamike atamanda ija, anthu a pa PS4 nawonso sanapatsidwe njira yokwerera pa PS5, anayenera kugulanso.

Tiyamike:
N'zoona zimenezo, ndipo zinali zolakwika. Koma vuto pamenepo silinali loti DLC inaikidwa m'kati. Vuto linali kutsekera chitseko amene anali nazo kale.

Mayi a Dalitso:
Pepani ana anga, ine sindine wosewera, ndinalowa pagulu pano chifukwa cha mwana wanga kuti ndizidziwa zomwe akusewera. Koma nkhaniyi yandikhudza. Ndinamugulira gemu ina yomwe anakhala akuipempha nthawi yaitali. Pabokosi panalembedwa kuti ndi yatsopano, yokonzedwanso, ndipo ine ndinkaganiza kuti ndagula zonse. Madzulo ndinamupeza atakhala chete, pa TV pali mndandanda wa anthu osewera nawo, ena owala, ena akuda okhala ndi kachizindikiro ka loko pakona. Amene ankamufuna iyeyo anali mmodzi wa otsekedwawo. Atadina panatuluka mtengo. Mwana sanalire, anangoti basi amayi musavutike, ndipo mawu amenewo ndi omwe anandipweteka kwambiri.

Za remake ndi remaster zomwe mukukanganazi ine sindingaweruze. Pempho langa ndi loti azilemba poonekera, kutsogolo kwa bokosi, kuti m'katimu simuli zonse. Telala akakuuza kuti malaya awa ndi opanda manja umadziwiratu, koma osati ukafike kunyumba ndiye uone kuti manjawo akugulitsidwa padera.

Mphatso:
Mayi, mwanena zomwe tonse tinaziiwala. Ife timadziwa kufufuza tisanagule, koma ogula ambiri ndi makolo ndi anthu ongoyamba kumene. Gemu ikatulukanso patapita zaka, munthu aliyense amaganiza kuti ndi yathunthu. Makampani akudziwa kuti anthu amaganiza choncho.

Chisomo:
Za maloko zomwe mayi anenazi zandikumbutsa Street Fighter X Tekken ya 2012. Anthu atafufuza m'disiki anapeza kuti omenyana 12 anali momwemo kale, otsekedwa, ndipo Capcom inadzawagulitsa pambuyo pake madola 20. Unkalipira kiyi wa chinthu chomwe chili kale m'manja mwako.

Kondwani:
Mayi, pa zolemba poonekera ndili nanu kwathunthu, palibe mkangano. Koma anzanga, tikamakamba za mitengo tizikumbukanso kuti magemu akuluakulu akudya ndalama zingati masiku ano. Pa mlandu wa FTC, bungwe la boma la America loona za malonda, ndi Microsoft mu 2023, chikalata cha Sony chomwe sichinafufutidwe bwino chinaonetsa kuti The Last of Us Part II inadya pafupifupi madola 220 miliyoni, Horizon Forbidden West 212 miliyoni, osawerengera zotsatsa malonda. Pamene mtengo wa gemu yatsopano unakhala pa 60 kwa zaka pafupifupi 15, mpaka 2020 pomwe unayamba kukwera kufika pa 70. Pa gemu iliyonse yogulidwa, sitolo ngati Steam imatengapo pafupifupi 30 pa 100 iliyonse. Ndipo si gemu iliyonse imabweza ndalama. Yomwe yayenda bwino imanyamula zomwe zagwa. Mukatseka njira ya DLC yakale, ndalamayo adzaifuna kwina: akweza mtengo wa gemu yatsopano, kapena adzaza tizinthu togulagula m'kati, kapena achotsa anthu ntchito monga tinaonera mu 2023 ndi 2024. Ine bola DLC yomwe ndingasankhe kugula kapena kusiya.

A Yamikani:
A Kondwani, manambala amenewo ndi a magemu atsopano. Tikukamba za ntchito yomwe inatha kale, anthu ake analipidwa kale, ogula oyamba anaibweza kale. Kope lina la DLC ya 2017 likamatumizidwa pa intaneti palibe fakitale yomwe ikuyaka moto. Ndipo Sony yomwe mwaitchulayo, potulutsa The Last of Us Remastered mu 2014 inaika DLC yake ya Left Behind m'kati. Potulutsa remake ya 2022 inaikanso m'kati, ngakhale inamangidwanso monga gemu yonseyo. Spider-Man Remastered ya 2020 inabwera ndi zigawo zonse zitatu za The City That Never Sleeps. Sanagwe nazo. Kunena kuti munthu wogula gemu yakale alipire zambiri kuti athandize gemu ina yomwe sadzaisewera n'komwe, pamenepo ndiye sindikutsatani.

Kondwani:
Nthawi zina sizili m'manja mwa kampani, a Yamikani. Zinthu zambiri za m'ma DLC ndi zobwereka: nyimbo, magalimoto enieni, anthu a m'mafilimu. Mgwirizano wake umakhala wa zaka zowerengeka, ukatha ulipirenso. Forza Horizon 4 inachotsedwa m'masitolo mu Disembala 2024 chifukwa cha malaisensi omwewa, ndipo ma DLC ake anasiya kugulitsidwa miyezi ingapo m'mbuyo mwake. Nthawi zinanso mafayilo amaonongeka. Mass Effect Legendary Edition ya 2021 inasonkhanitsa ma DLC oposa 40, koma Pinnacle Station inasowa chifukwa mafayilo ake oyambirira anapezeka oonongeka. BioWare sinaisiye dala.

Tiyamike:
Zifukwa ziwirizo zikufotokoza chinthu chomwe chasowa, achimwene, osati chomwe chilipo koma chaikidwa pamtengo. Pinnacle Station sanaigulitse padera, inalibeko basi, mpaka osewera ena a pa kompyuta anadzaibwezeretsa okha. Palibe anakwiya, aliyense anamvetsa. Ndipo Legendary Edition yomweyo ndi umboni wa mbali yathu. DLC ya From Ashes, yomwe mu 2012 inagulitsidwa padera tsiku lomwe Mass Effect 3 inatuluka, ija ya Javik, inalowa m'kati, ndipo osewera atsopano sadziwa n'komwe kuti munthu wofunika chotere pa nkhani anali wolipira. Za malaisensi, Mortal Kombat 11 Ultimate ya 2020 ili ndi Terminator, RoboCop, Rambo, Spawn ndi Joker, ambiri mwa iwo obwereka, koma anakwana m'bokosi limodzi pamodzi ndi chowonjezera cha Aftermath.

A Yamikani:
Pali chinanso chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa mtengo. DLC yosiyidwa panja imadalira sitolo ya pa intaneti, ndipo masitolo amatsekedwa. Nintendo inasiya kugulitsa pa eShop, sitolo yake ya pa intaneti, ya Wii U ndi 3DS mu Malichi 2023. Sitolo ya pa Xbox 360 inatsekedwa pa 29 Julayi 2024. Amene anagula kale angathe kutsitsanso zawo, koma mwana amene lero wapeza disiki yakale, chigawo chomwe chinali cha pa intaneti chokha, ngati sichinasamutsidwe kupita kwina, alibe pochigula ngakhale atakhala ndi ndalama m'manja. Fire Emblem Fates ya pa 3DS ili ndi njira zitatu za nkhani, ndipo yachitatu, Revelation, anthu ambiri ankaipeza potsitsa pa eShop. Lero khomo limenelo ndi lotseka.

Gemu ikamatulukanso ndi mpata wokhawo woti zidutswa zonse zisonkhanitsidwe pamalo amodzi, pa disiki kapena pa khadi lomwe ungasunge m'kabati n'kubwereka mnzako. Dark Souls Remastered ya 2018 inatero ndi Artorias of the Abyss. Akaphonya mpata umenewo, patsogolo gemuyo idzatsala yopunduka. Paja zomwe timagula pa intanetizi si zathu kwenikweni, Steam yokha kuyambira 2024 imalemba polipira kuti ukugula laisensi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Limbani:
Ine njira yanga ndi imodzi. Sindigula gemu chaka chake choyamba. Ndimadikira yathunthu, kenako ndidikirenso itsike mtengo. Magemu osewera alipo ambiri, sathawa.

Kondwani:
Tonse titachita ngati iwe, Limbani, Blood and Wine sikanapangidwa. Shadow of the Erdtree ya Elden Ring, ija ya 2024 ya madola 40, sikanapangidwa. Kampani imaika anthu mazanamazana pa chowonjezera chachikulu chotero chifukwa ikudziwa kuti alipo ogula tsiku loyamba. Iwe ukudya zotchipa chifukwa Chisomo analipira zodula.

Limbani:
Zimenezo n'zoona, koma thumba langa silifika pamenepo. Ndipo kudikirako kumagwira ntchito pokhapokha yathunthu ikabweradi. Akayamba kutulutsanso magemu a zaka 8 opanda DLC, ndiye kuti ife osauka tidikira chabe.

Mphatso:
Apa Limbani wakhudza pomwe pamandiwawa. Panali kamgwirizano kosalembedwa pakati pa osewera ndi makampani. Wothamanga alipira zambiri, wodekha alipira zochepa n'kupeza zonse. Aliyense ankalowa pakhomo lomwe angakwanitse. Shadow of the Erdtree ndilipira lero, mawa, popanda kudandaula, ndi dziko lalikulu latsopano. Koma Elden Ring ikadzatulukanso patapita zaka zambiri pa makina ena pamtengo wonse, ndikuyembekezera kuti idzakhale m'kati. Akachotsa khomo lachiwirilo, otsala panja ndi ana asukulu ndi anthu a ndalama zochepa.

Tiyamike:
Ndipo tisaiwale kuti alipo amene salipiritsa n'komwe. Stardew Valley ikulandirabe zowonjezera zaulere chitulukireni mu 2016. Terraria chimodzimodzi. No Man's Sky inayamba moipa mu 2016, koma Hello Games yakhala ikuiwonjezera zinthu zikuluzikulu ulere zaka zonsezi. Hollow Knight inapereka zowonjezera zinayi popanda kutenga kanthu, ndipo ogula pambuyo pake anazipeza m'kati.

Kondwani:
Stardew Valley anaipanga munthu mmodzi, Eric Barone. Team Cherry ya Hollow Knight ndi anthu owerengeka m'manja. Gemu yawo ikagulidwa mamiliyoni, ndalamazo zimawakwanira zaka zambiri. Situdiyo ya anthu 500 singakhale choncho, mwezi uliwonse malipiro akudikira. Kuwayamikira tiwayamikire, koma tisawasandutse muyeso wa aliyense. Ine ndikuimabe apa: ngati chigawo chamangidwanso ndi manja atsopano, chikhale ndi mtengo, bola mtengowo ufanane ndi kukula kwa ntchito. Ngati changosamutsidwa monga chinalili, chilowe m'kati.

Tiyamike:
Chiganizo chanu chomalizacho n'chomwe a Mphatso ananena poyamba paja. Pomwe tikusiyanabe ine ndi inu ndi pa mathero a nkhani. Ngakhale atawamanganso ndi golide, sayenera kudulidwa. Ngati ntchito yakula, achedwetse gemuyo miyezi ingapo ituluke yathunthu.

Kondwani:
Kuchedwetsa miyezi 7 ndi malipiro a miyezi 7 popanda cholowa, achemwali. Pamenepo sitigwirizana.

Mayi a Dalitso:
Ana anga, musanabalalike, ndithandizeni. Ulendo wina ndikamagula ndiziona chiyani kuti ndisabwerezenso zija?

Tiyamike:
Mayi, musadalire dzina lokha. Mawu ngati Complete, Gold kapena Game of the Year nthawi zambiri amatanthauza kuti zowonjezera zili m'kati, koma Remastered kapena Deluxe sizitsimikizira zimenezo. Musanalipire, tsegulani tsamba la gemuyo pa sitolo ya makina a Dalitso, mutsike mpaka pansi pomwe amaika zowonjezera. Mukaona mndandanda wa zinthu zokhala ndi mitengo yake, dziwani kuti zimenezo n'zapadera, ndipo mufunse mwanayo ngati munthu kapena chigawo chomwe akufunacho chili pamndandandawo. Ngati ndi bokosi, tembenuzani kumbuyo muwerenge timalemba tating'ono ta m'munsi. Muonenso ngati zowonjezerazo zili pa disiki kapena ndi kapepala ka manambala m'kati, chifukwa kapepalako kamagwira kamodzi kokha, ndipo mukagula gemu yomwe wina anaigwiritsapo kale ntchito mupeza manambalawo anadyedwa. Pa makinawo ikaninso nambala yachinsinsi yoletsa kugula popanda inu. Zikakusokonezani jambulani tsambalo mutumize pano musanatulutse ndalama, tikuonerani.